Musakhudze Denga Mvula Isanathe

Okondedwa Achimwene,

Ndayamba ndi moni, poti Amayi anatiphunzitsa kuti ngakhale wabwera kudzakangana, uyambe wafunsa kaye za moyo. Muli bwanji kumeneko? Alamu anga ali bwanji, nanga ana awiriwo? Chifuwa chija cha wamng'onoyo chinatha? Kuno tilipo ndithu. Amayi bondo lija likuwavutabe, koma pakamwa pokha ndiye sipanadwalepo.

Mudabwa kuti ndalemba kalata ngati foni ndilibe. Ndili nayo, koma inu pafoni simumva za mnzanu. Oyamba kuyankhula ndinu, otsiriza ndinu, ine ndikangoti "komatu achimwene" mumati netiweki yavuta. Pepala lokha ndiye simungalidule mawu, choncho khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto.

Mmisiri munamutuma uja anafika Loweruka, pensulo ili kukhutu, tepi yoyezera ili m'thumba. Ndi munthu waulemu, sindinganame. Ndiye amene anatiuza kuti mwaganiza zobwerera kuno kudzakhaliratu, ndipo mukufuna amange zipinda zapamwamba padenga la konkire lija Bambo analisiya ndi zitsulo zoloza kumwamba, kuti mukamadzafika mudzangofikira m'nyumba yanu.

Amayi atamva anagwetsa kapu ya tiyi, osaitola, n'kuyamba kuimba. Inenso ndinasangalala, achimwene, ndinasangalala mpaka misozi. Zimenezi muzisunge mumtima pamene mukuwerenga zotsatirazi, kuti musaganize kuti mlongo wanu sakukufunani.

Titatha kusangalala ndinakwera naye padenga mmisiriyo. Atangoona mapanelo a sola aja ali ndandanda pazitsulo zawo, amvekere zonsezi zitsike Lolemba lomwe lino, chifukwa mchenga ndi simenti zikubwera. Ndinamuuza kuti palibe chitsike. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana, n'kunena kuti iye watumidwa ndi mwini nyumba. Ndinamuyankha kuti eni nyumba tilipo atatu, ndipo awiri tili pompano. Anatsika makwerero. Ndikudziwa kuti akuimbirani, n'chifukwa chake ndathamangira kuti mumve kwa ine.

Mukukumbuka kuti ndinakupemphani ndisanawaike? Munayankha mukutafuna chinachake kuti ikani tizidole tanuto, bola musaboole denga. Sindinaboole. Koma ndikuona kuti mumayesa ndi tizinthu tonyamulika m'manja, kapena toyatsira mababu a m'nyumba basi. Magetsi ake timagwiritsadi ntchito, koma sanakwerere zimenezo padengapo. Anakwerera kukazunzika ndi dzuwa ndi mvula, ife tizionerera.

Ndikufotokozereni ntchito yanga, poti mpaka pano mumauza anzanu kuti mlongo wanu amagulitsa masola. Sindigulitsa, ndimapanga. Panelo ndi zinthu zosanjikiza. Timayala galasi patebulo, pamwamba pake pulasitiki yofewa yoonekera, kenako timapale tobiriwira totulutsa magetsi, topyapyala ngati chigoba cha dzira. Tikatero tiyalenso pulasitiki yofewa, n'kumalizira ndi ina yolimba, yoyera, yotseka kumsana. Zonsezo zimalowa mu uvuni woyamwa mpweya, pulasitiki yofewayo n'kusungunuka, n'kumata chilichonse pamodzi.

Woyala mapulasitikiwo ndine. Timavala magolovesi, ndipo mafuta odzola ndi oletsedwa, chifukwa kadontho kamodzi kokha kamalepheretsa kumata. Mukadzaona manja anga ali mbuu musadzati ndikuvutika, ndi lamulo la pantchito.

Ogula amangoyang'ana galasi ndi timapaleto. Komatu timapaleto tikhoza kukhala zaka zambiri osatopa. Chimene chimayamba kufa ndi pulasitiki. Dzuwa limaiwotcha mpaka ichite chikasu, kuwala n'kumalephera kudutsa bwino. Kutentha kwa masana ndi kuzizira kwa m'mawa kumaikoka uku ndi uku mpaka yakumsana ija ing'aluke. Ikang'aluka chinyezi chimalowa, ndipo chinyezi chikalowa ndiye kwatha.

Abwana athu, amene timawatchula kuti a Chipewa chifukwa sachivula ngakhale pakudya, mapulasitiki amenewa amawatcha mapolima. Amati alipo amitundumitundu, ndipo akakhala atsopano amafanana onse ngati achibale paukwati, weniweni umakamudziwira pamaliro. Ine ndinkangoseka, kuyesa ndi nthabwala za akuluakulu, mpaka tsiku limene kunabwera mzamba wina.

Anachokera ku kachipatala kena kakutali, komwe magetsi a mawaya sanafike. Anabwera pagalimoto yapamtunda, atakumbatira panelo ngati wodwala, n'kudzaigoneka patebulo lathu loyalira. Inali yopangidwa ndi ife zaka zochepa zapitazo, chizindikiro chathu chili poonekera. Kutsogolo inali yachikasu ngati mano a wosuta fodya, kumsana ming'alu yokhayokha. A Chipewa atadula pakona, m'chipinda monse munamveka fungo la viniga. Anati ndi pulasitikiyo ikuwola, ikutulutsa asidi amene wadya timawaya tam'kati.

Mzambayo sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangofotokoza kuti firiji yosungira katemera inazima, katemera yense n'kuwonongeka, ndipo amayi amene anayenda mtunda wautali ana ali kumsana anabwerera osabayitsa. Kenako anatifunsa kuti akawauze chiyani amayi amenewo mwezi wamawa. Tsiku limenelo ndi limene ndinaona dazi la a Chipewa, chifukwa anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa.

Pulasitiki imeneyo inagulidwa ndi mapepala ake onena kuti ndi yabwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bungwe loyang'anira tizipatala timeneto linatiuza mosapsatira kuti silidzatenganso kanthu kwa ife pokhapokha titaonetsa umboni, osati wa papepala, koma wooneka ndi maso.

A Chipewa anati makina okalambitsa zinthu msangamsanga alipo kumalo oyezera akutali, koma ngakhale amenewo sadziwa dzuwa lathu lino ndi mvula yathu ino. Ndiye tinapanga mapanelo ndi mitundu inayi ya pulasitiki kuti tiwasiye panja, tione wopirira. Kuntchito kwathu denga ndi lamalata, komanso nyumba yayitali ya pafupi imatchinga dzuwa masana onse. Denga lathu lino ndiye lafulati, lopanda mthunzi, lotentha ngati chiwaya. Umu ndi m'mene anafikira kwathu.

Tsopano mvetsetsani apa. A bungwe aja anabwera okha, n'kumata zidindo zawo pabawuti iliyonse yomangira mapanelowo, kuti wina asadzati tinasinthanitsa ndi atsopano. Tinapangana kuti akhale osakhudzidwa mpaka padutse mvula zitatu. Ziwiri zadutsa, yatsala imodzi yokha, ikubwerayi. Chidindo chimodzi chikangothyoka, tiyambiranso poyamba, ndipo kampani yathu yaying'onoyi ilibe mphamvu zodikiranso zaka zina zitatu. Idzatsekedwa, ine ndi anzanga tidzakhala manja lende, ndipo tizipatala tija tidzangogula kwa aliyense wobwera ndi mapepala okongola.

Musaganize kuti ndinu oyamba kuwaopseza mapanelowa. Oyamba anali mayi anu omwewa. Chilimwe choyamba, bondo lisanayambe, ndinabwera kuchokera kuntchito n'kupeza onse afunditsidwa mabulangeti ndi makatani akale, njerwa zitatsindira m'makona. Nditafunsa, amvekere zinthu zodula chonchi sungazisiye padzuwa ngati zilibe mwini, sukuona sofa ndinaiphimba ndipo mpaka lero ndi yatsopano?

Ndinachita kuwakhazika pansi n'kuwafotokozera kuti ntchito yake ndi yomweyo, yoti apse, anyowe, ofooka aoneke. Anati ntchito yankhanza chonchi sanaimvepo. Mwamwayi anali atangofunda masana amodzi, ndipo a bungwe titawauza anangoseka chikhakhali, n'kuti bola zidindo zili bwino.

Chiyambire pamenepo Amayi ndiwo akhala mlonda wamkulu. Amphaka a anthu oyandikana nawo sayerekeza kukwera. Masiku ano sathanso kukwera okha, koma ndikatsika m'mawa amandifunsa mmodzimmodzi ngati akufunsa odwala kuchipatala. Ina anaitcha dzina loti Malume, akuti chifukwa kutsogolo ndi yotchena koma kumsana ndi yong'ambika. Malume ake ati, mukuwadziwa nokha, ine sindinatchule munthu.

Nkhani yabwino ndi iyi. Mtundu woyamba, wofanana ndi uja wa kuchipatala, wayamba kale chikasu, monga tinkayembekezera. Wachiwiri, umene a Chipewa ankaudalira kwambiri, ndi Malume amenewo. Wachitatu watuluka matuza m'mphepete. Koma wachinayi, achimwene! Umenewu tinkadana nawo popanga. Umaterera patebulo, suchedwa kukhota, umafuna nthawi yaitali mu uvuni, ndipo ine ndinautukwanapo kangapo chamumtima. Lero ukauyang'ana uli mbee ngati madzi akumwa, kumsana kulibe mng'alu ndi umodzi womwe, ndipo tikayeza mphamvu yake ili pafupifupi m'mene inalili tsiku loyamba.

Ndikaima patsogolo pake ndimaona firiji ija ikulira bwinobwino kwa zaka zambiri, mzamba uja osadzakweranso galimoto atakumbatira manyazi athu. Koma sitingathamangire kuimba nyimbo, chifukwa madzi amapeza timing'alu tosaoneka ndi maso, ndipo mvula yachitatuyi ndiyo idzanene zoona. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mmisiri wanu anayesetsa kuthandiza, ndimuyamikire. Anati tiwatsitsire pabwalo. Ndinamuonetsa zidindo, ndinamuonetsanso mthunzi wa mpanda ndi wa mtengo wa kuseri kuja. Anati ndiye amange mowazungulira. Ndinamufunsa kuti fumbi la simenti nalo alizungulitsa bwanji, nanga makoma akakwera dzuwa lidzalowera kuti? Anakanda m'mutu ndi pensulo, n'kuti nkhaniyi yamukulira.

Atachoka ndi pamene zinandilowa bwino. Ndimakudziwani, achimwene. Munanena kalekale kuti simungabweretse alamu ndi ana pamalo opanda chipinda chawochawo, kuti simukufuna kudzakhala ngati alendo m'nyumba ya makolo. Ndiye ndikati mudikire kumanga, ndiye kuti ndati mudikirenso kubwera. Ndipo inu mukati chaka chamawa, tonse timadziwa kuti chaka chamawa chanucho chimayenda pang'onopang'ono.

Ndinawayang'ana Amayi akuyenda chogwira khoma popita kukhitchini. Akalamba, achimwene. Pafoni amadzilimbitsa, amakweza mawu, amakusekani, koma akaika foni pansi amakhala nthawi yaitali ali chete, manja ali pamaondo. Ndinadzifunsa kuti ine ndine ndani kuti ndiwachedwetsere mwana wawo chifukwa cha mapulasitiki.

Lolemba ndinapita kwa a Chipewa n'kuwauza zonse. Ndinkayembekeza kuti akalipa kapena andichonderera. Iwo anangoti denga ndi la banja lanu, mwana wanga, ndipo chibale ndi fupa, sichiola. Anati ndichite chimene chingasunge mtendere pakhomo. Atatero anatembenuka n'kuyamba kupukuta tebulo loti linali lopukuta kale. Anzanga aja palibe anandiyang'ana kumaso tsiku lonse, ndipo zinandipweteka kuposa kunyozedwa.

Madzulo ake ndinafika pakhomo nditatsimikiza. Ndinawauza Amayi kuti ndiitana a bungwe adzachotse zidindo zawo, mapanelo atsike, mmisiri ayambe, inu mubwere msanga. Ndinkayesa asangalala.

Achimwene, chikhalire sindinakalipiridwe choncho, ngakhale tili ana. Anandifunsa ngati ndinabadwa wopusa kapena ndaphunzirira kuntchito. Anati iwo apirikitsa amphaka zaka ziwiri zathunthu, aleka kuyanika zovala padenga, avomera kuonerera zinthu zikupsa osaziphimba, ndiye lero nditaye zonse mvula itatsala imodzi? Anati ana a eni aja akudikira katemera nawonso ali ndi amayi awo.

Ndinawayankha ndikulira kuti nanga achimwene adzafikira kuti. Apa ndiye anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana. Anati ndikulembereni, ndisachotse ngakhale liwu limodzi, kuti iwo sanakuberekereni m'nyumba yosanja. Anati munakulira m'zipinda zomwezi, mutu kumiyendo kwa mnzanu, ndipo simunafe.

Kenako mawu anatsika, n'kunena chimene ndikuona kuti chinali pamtima chifikire mmisiri uja. Anati masitepe iwo sangakwerenso. Zaka zonsezi akhala akumva mawu anu pafoni osakuonani, ndiye tsopano mubwere kudzakhala pamwamba pa mutu wawo, azingomva mapazi anu osakuonaninso? Anati nyumba yapamwambayo mudzamange ndithu, sakuletsani, koma muyambe mwakhala nawo pansi pano, azikuonani mukudutsa pakhonde, azikangana ndi zidzukulu zawo za kutseka chitseko.

Inu ndi ine tonse timayesa tikuwachitira zabwino, inu ndi simenti yanu, ine ndi kugonja kwanga, osawafunsa eni ake.

M'mawa mwake ndinadzidzimuka ndi phokoso la makiyi. Mukudziwa kuti chipinda cha Bambo chakhala chokhoma chimwalirire iwo, ndipo ngakhale ine sindinkaloledwa kusesamo. Ndinawapeza Amayi atachitsegula, mawindo onse ali pululu, akutulutsa majekete a Bambo aja mmodzimmodzi n'kumawakung'untha. Ndinafuna kuwathandiza, anandikaniza, amvekere izi ndi zanga ndi mwamuna wanga, iwe kafune penti. Analira pang'ono, inde, koma akugwira ntchito, ndipo pofika masana anali akuimbanso.

Ndiye pempho langa ndi ili, ndipo ndagwada polemba. Musakhudze denga mpaka mvula ikubwerayi ithe, a bungwe adzaone ndi maso awo, achotse okha zidindo. Koma musadikire kumeneko. Bwerani tsopano, monga munakonzera. Inu ndi alamu mudzalowa m'chipinda cha Bambo, n'chachikulu, ndipo ndachipaka kale penti koyamba. Ana adzatenga changa. Ine ndasamukira kale kwa Amayi, ngakhale akudandaula kuti ndimaponya miyendo, pamene mkonono wawo sautchula.

Ndikudziwa kuti wovutika kwambiri adzakhala alamu anga, poti anazolowera khitchini yawoyawo, ndipo akazi atatu pa sitovu imodzi si masewera. Musawayankhire, apatseni kalatayi awerenge okha. Alamu, ndikulankhula ndi inu tsopano: mashelefu apamwamba onse ndi anu, ndawachotsa kale zinthu, ndipo apongozi anu akayamba kukuphunzitsani kutsuka mapoto, mudzangondiponyera diso, ine ndidzawasokoneza ndi nkhani ya Malume. Ndi miyezi yochepa chabe. Mukaona kuti simungathe, mundiuze ine mosabisa, sindidzakwiya, tidzaganiza njira ina limodzi.

Mvula ikadzatha, mmisiri adzabwere ndi simenti yake yonse. Njerwa ndidzasenza nawo ndi manja anga otuwawa. Ndipo ngati wachinayi uja adzapambane, monga mtima wanga ukundiuzira, padenga lanu latsopanolo ndidzaikapo mapanelo oyala ine ndemwe, oti ana anu adzakula, adzakwatira, iwo akuwalabe.

Mukakana, ndamva, sindidzamenyana nanu, poti Bambo denga limenelo anasiyira tonse. Koma yankho lanu mudzawauze nokha Amayi, ine ayi. Ndakalipiridwa kokwanira sabata ino.

Mundiperekere moni kwa ana, muwauze kuti azakhali awo adzawakweza padenga akaone zinthu zimene zikupikisana ndi dzuwa, bola manja kumbuyo. Moninso kwa apongozi anu ndi onse amene akusungani bwino kumeneko. A Chipewa sakudziwa kuti ndalemba, koma akanadziwa akanapereka moni wawo. Mulungu akusungeni, akupatseni mtima wofewa powerenga, ndi ulendo wabwino pobwera.

Amayi ati ndimalize ndi ichi. Chitseko cha chipinda cha Bambo achitsekereza ndi mpando kuti mphepo isachikankhe, ndipo alamula kuti munthu aliyense asachitseke. Akuti chakhala chotseka mokwanira, wodzachitsekanso ndinu, muli m'kati.

Ndine mlongo wanu,
uja mumati Kamakani